Nkhondo ya pa Palmito Ranch, 1865: Kuombana Mtendere Uli Pakhomo

M'kope lino takukonzerani nkhani ya mbiri ya dziko lakutali, dziko la Amerika. Ndi nkhani ya kankhondo kakang'ono kamene kanacitika pa 12 ndi 13 Maio 1865 m'mphepete mwa mtsinje wa Rio Grande, pamalire a Texas ndi Mexico. Asilikali a mbali zonse ziwiri pamodzi sanafike ndi 1,000 omwe. Komabe kankhondoka kamakumbukika mpaka lero, cifukwa kamawerengedwa kuti ndiko komaliza pa nkhondo yapaciweniweni ya dzikolo, ndipo kanacitika patatha mwezi wathunthu akuluakulu atayamba kale kutula zida. Tiyeni tione pamodzi cimene cinacititsa anthu kuombana mtendere uli pakhomo, amene analipira, ndi cimene cinatsala utsi utatha.

Nkhondo yaikuluyo inali ya ciani?

Nkhondo yapaciweniweni ya ku Amerika inayamba mu Abril 1861, ndipo gwero lake linali ukapolo. M'zigawo za kumwera kwa dzikolo munali akapolo pafupifupi 4 miliyoni, anthu akuda amene makolo awo anagwidwa kuno ku Afirika. Cuma ca eni minda ya thonje, fodya ndi nzimbe cinali pamsana pa anthu amenewa. Abraham Lincoln atasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1860, eni akapolo anaopa kuti ukapolo wayandikira kutha. Tsono zigawo 11 zinagalukira boma nkupanga boma lawolawo lochedwa Confederacy, pulezidenti wake Jefferson Davis. M'nkhani ino ogalukirawo tiziwachula kuti a Kumwera, ndipo asilikali a boma tiziwachula kuti a Kumpoto.

Pa 1 Janeiro 1863 Lincoln analengeza kuti akapolo a m'zigawo zogalukira ndi mfulu, ndipo anthu akuda analoledwa kulowa usilikali. Pofika kumapeto, akuda pafupifupi 180,000 anali atamenyera mbali ya Kumpoto. Nkhondoyi inapha asilikali oposa 600,000, ndipo ambiri anafa ndi matenda m'misasa. Pa 9 Abril 1865 Kazembe Robert E. Lee, mkulu wa gulu lochuka la Kumwera, anagonja kwa Kazembe Ulysses S. Grant pa Appomattox, m'cigawo ca Virginia. Patangopita masiku 5 Lincoln anaomberedwa ku Washington, namwalira m'mawa mwake. Magulu ena a Kumwera anatsatira kugonja, ndipo pa 10 Maio Jefferson Davis anagwidwa ku Georgia akuthawa.

Apa pali mfundo yofunika kuigwira bwino. Lee anagonja m'dzina la gulu lake lokha. Panalibe cikalata cimodzi cothetsa nkhondo m'dziko lonse tsiku limodzi. Kazembe aliyense ankagonja payekha, ndipo Kazembe Edmund Kirby Smith, wolamulira asilikali a Kumwera tsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi, kumene kuli Texas, anali asanagonje. Paja akulu amati moto umapita kumene kwatsala chire. Chire lotsalalo linali Texas.

Thonje la pa Rio Grande

Nanga kumalire kwa Texas kunali ciani cokanganirana? Kunali thonje. Nkhondo itayamba, zombo za Kumpoto zinatseka madoko a Kumwera kuti asagulitse thonje kunja. Koma Rio Grande ndi malire a maiko awiri, ndipo zombozo zinalibe ufulu wotseka doko la Mexico. Conco ngolo zinkanyamula mabelo a thonje ulendo wa masabata ambiri mpaka m'tauni ya Brownsville. Kumeneko ankaolotsa thonjelo kupita ku Matamoros, tsidya la Mexico, kenaka ku kadoko ka Bagdad pamathiriro a mtsinje, kumene zombo za ku Ulaya zinkadikira. Pobwerera ngolozo zinkadza ndi mfuti, onga, mankhwala ndi nsalu.

A Kumpoto analanda Brownsville mu Novembro 1863, koma mu Julho 1864 Koronelo John S. Ford wa Kumwera anailandanso. Ford ameneyu anthu ankamucha Rip, cifukwa pa nkhondo ina ya m'mbuyomo, polemba uthenga wa maliro a asilikali, ankaikapo zilembo R.I.P., zimene zimalembedwa pamanda kutanthauza kuti ause mumtendere. A Kumpoto anangotsala ndi kacilumba ka mcenga kochedwa Brazos Santiago, pafupi ndi mathiriro a mtsinjewo.

Pangano la pakamwa

Mu Março 1865 Kazembe Lew Wallace wa Kumpoto anakumana ndi Kazembe James E. Slaughter pamodzi ndi Ford pamalo ochedwa Point Isabel, nakambirana zoleka kumenyana. Mfundo zawo zitatumizidwa kwa Kazembe John G. Walker ku Houston, iye anazikana, ndipo cikalata sicinasainidwe. Ngakhale zinali conco, mbali zonse ziwiri za pa Rio Grande zinamvana mwa pakamwa kuti kukhetsa mwazi kulibenso phindu. Kwa miyezi iwiri kunali zii.

Tonse tikudziwa kufooka kwa pangano la pakamwa: limakhala m'mitu mwa amene analipanga, ndipo wina akafuna kulitaya palibe pepala lomutsutsa nalo. Pofika Maio, msasa wa pacilumba unali m'manja mwa Koronelo Theodore H. Barrett, wa zaka 30, amene anali asanatsogolerepo asilikali pankhondo yeniyeni. Iyeyu ndiye analamula kuti asilikali aoloke kupita kumtunda. Cifukwa cake anthu amacifotokoza mosiyana. Omutsutsa ankati ankafuna kudzipangira dzina nkhondo isanatheretu. Ena amati ankafuna akavalo, poti asilikali ake apakavalo analibe ndi mmodzi yemwe. Enanso amati maso ake anali pa thonje la ku Brownsville.

Masiku atatu

Madzulo a pa 11 Maio, kunja kuli mkuntho, wotsatira wa Barrett, dzina lake David Branson, anaoloka pamalo ochedwa Boca Chica ndi anthu 300. Mwa iwo 250 anali a gulu la 62 la asilikali akuda. Ena 50 anali a gulu la apakavalo, ana a ku Texas komweko amene anasankha mbali ya Kumpoto, koma ankayenda pansi. Ca m'ma 2 koloko usiku anazinga malo ochedwa White's Ranch, akuyesa kuti adani agona pamenepo. Sanapezepo munthu. Mau akuti ranch amatanthauza malo aakulu owetera ng'ombe.

Anabisala m'zitsamba m'mbali mwa mtsinje kuti apumule, koma kutaca anthu a tsidya la Mexico anawaona nacenjeza a Kumwera. Poona kuti cinsinsi caululika, Branson anapitirira mpaka pa Palmito Ranch, makilomita pafupifupi 20 kum'mawa kwa Brownsville, nabalalitsa kamsasa ka apakavalo a Kaputeni William Robinson. Anagwira akaidi 3, ziweto pang'ono ndi cakudya. Masana Robinson anabwerera ndi anzake, ndipo Branson anabwerera ku White's Ranch natumiza mthenga pacilumba.

M'bandakuca wa pa 13 Maio Barrett anafika yekha ndi asilikali 200 a gulu la 34 la ku Indiana. Tsopano anakwana pafupifupi 500. Anabwereranso ku Palmito Ranch, natentha zimene zinatsala, nkumaombana ndi apakavalo a Robinson amene ankangobwerera pang'onopang'ono. Masana asilikali otopawo anakhala pansi pafupi ndi mtsinje kuti apume. Nthawi yomweyo Ford anali akufika kucokera ku Brownsville. Anali ndi apakavalo pafupifupi 300 ndi mizinga 6. Ca m'ma 4 koloko mizinga inayamba kulira.

Cifukwa ciani ocepa anagonjetsa ambiri?

Ophunzira anu adzafunsa: anthu 300 angathamangitse bwanji anthu 500? Yankho lili pa malo, pa kavalo ndi pa mzinga. Dziko la kumeneko ndi cidikha ca see, copanda mapiri kapena mitengo ikuluikulu yobisalamo. Mzinga umaponya kutali kuposa mfuti ya pamanja, tsono a Kumpoto ankalandira moto umene sakanatha kubweza, pakuti analibe mzinga ndi umodzi womwe. Cinanso, munthu wapansi wosenza mfuti ndi katundu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola, pamene kavalo wothamanga amatha mtunda womwewo m'mphindi zocepa. Ford anagawa anthu ake pawiri. Ena anaukira kumaso, ena anazungulira kudzanja lamanja la adani kuti akatseke njira ya ku Boca Chica. Kudzanja lamanzere kunali mtsinje. Njirayo ikanatsekedwa, onse 500 akanakhala ngati nsomba m'mono.

Barrett analamula zobwerera. Pa cipwirikiti cimeneco, asilikali oposa 40 a ku Indiana amene anaikidwa kutsogolo kuti acedwetse adani anasiyidwa okha, ndipo apakavalo anawazinga nkuwagwira. Gulu la ku Indiana linataya ngakhale mbendera zake, cimene cinali camanyazi kwambiri pa usilikali. Amene anapulumutsa otsalawo anali asilikali akuda pafupifupi 140 a gulu la 62. Iwo anatambasula mzere wautali woposa kilomita imodzi, nkumabwerera mwadongosolo: kuima, kuomba, kuyenda, kuimanso. Kavalo amaopsa anthu obalalika, koma mzere wosaduka amaulephera. Anawathamangitsa makilomita pafupifupi 11, mpaka Ford analeka dzuwa likulowa, akavalo ake atatopa. Usiku umenewo a Kumpoto anaolokera pacilumba cawo.

A Kumpoto oposa 100 anagwidwa. Za akufa mabuku amasiyana: malipoti a Kumpoto amaonetsa anthu ocepa kwambiri, pamene Ford ankati anali pafupifupi 30. Ku mbali yake Ford anawerenga obvulala 5 okha. Dzina limene limadziwika bwino ndi la John J. Williams, mnyamata wa zaka pafupifupi 22 wa gulu la ku Indiana. Ameneyu amachulidwa kuti ndiye msilikali womaliza kufa pomenyana pa nkhondo yonseyo. Anafa patatha masiku 34 Lee atagonja.

Kodi sanamve kuti nkhondo yatha?

Kwa zaka zambiri anthu ankasimba kuti uthenga unacedwa panjira, ndipo Ford anamva za kugonja kwa Lee kwa akaidi amene anawagwira. Nkhani yotere imakoma m'khutu, cifukwa siipatsa munthu mlandu: wolakwa ndi mtunda basi. Koma olemba mbiri amene anafufuza makalata ndi malipoti a nthawiyo amati mbali zonse ziwiri zinali zitamva. Zombo zocokera ku New Orleans zinkafika ndi manyuzipepala, ndipo nkhani ya Appomattox inali itadziwika pa Rio Grande kuciyambi kwa Maio. Barrett analamula ulendowo akudziwa. Ford naye anayankha ndi mizinga akudziwa, poti mkulu wake anali asanagonje, thonje linali lisanaoloke lonse, ndipo anaona kuti enawo ndiwo aswa pangano.

Apa tiphunzirepo kanthu ife okonda mbiri. Nkhani ikakhala yosalala kwambiri, tizifunsa kuti anaisimba ndani, ndipo ikumucotsera mlandu ndani.

Kupambana kopanda phindu

A Kumwera anapambana pa Palmito Ranch, koma anapindulanji? Pasanathe masabata awiri asilikali a Kumwera m'Texas anayamba kubalalika, aliyense ulendo wa kwawo. Akaidi aja anamasulidwa. Ford anaolokera ku Matamoros, ndipo kumapeto kwa Maio a Kumpoto analowa m'Brownsville popanda kuomba mfuti. Pa 2 Junho Kirby Smith anasaina kugonja ku Galveston. Pa 19 Junho, mumzinda womwewo, Kazembe Gordon Granger analengeza kuti akapolo onse a m'Texas ndi mfulu. Tsiku limeneli limakumbukiridwa mpaka lero ndi dzina lakuti Juneteenth, ndipo kuyambira 2021 ndi tsiku la chuthi m'dziko lonse la Amerika.

Barrett sanabvomere kuti ulendo wake ndiwo unali wolakwika. Anakankhira mlandu kwa Robert Morrison, mtsogoleri wa gulu la ku Indiana, ndipo bwalo la asilikali linakhala ku Brownsville caka comweco. Codabwitsa ncakuti mmodzi wa mboni anali Ford mwini wake, amene anaoloka mtsinje kudzacitira umboni pa mlandu wa mdani wake wa dzulo. Morrison anapezeka wosalakwa. Malo a nkhondoyo boma la Amerika linawaika pa mndandanda wa malo osungidwa a mbiri mu 1997.

Tikaika zonse pa sikelo tikuona kuti kankhondoka sikanasinthe tsiku la kugonja, sikanasunthe malire, sikanapulumutse ukapolo. Amene analamula anabwerera kwawo amoyo. Amene sanafunsidwe maganizo, monga Williams, ndiwo anatsala m'manda. Madzi akatayika saoleka.

Asilikali a mfuti ndi buku

Tatsala ndi gulu la 62 lija, limene linaima nji pamene ena ankabalalika, nkutaya anthu osafika 10 ogwidwa ndi obvulala. Anali ndani anthu amenewa? Gululi linakhazikitsidwa kumapeto kwa 1863 ku St. Louis, m'cigawo ca Missouri, ndipo ambiri mwa iwo anali atangoturuka mu ukapolo. Ku Missouri kunali lamulo la 1847 loletsa kuphunzitsa munthu wakuda kuwerenga ndi kulemba. Tsono ambiri analowa usilikali osadziwa ndi cilembo cimodzi comwe.

Msasa wawo unasanduka sukulu. Mu Julho 1864 Branson uja anapereka lamulo lakuti msilikali aliyense wokhala ndi kaudindo, monga sajeni, amene adzakhale asanadziwe kuwerenga pofika pa 1 Janeiro 1865, adzatsitsidwa, ndipo malo ake adzapatsidwa kwa wodziwa kuwerenga. Mu Outubro caka comweco, ali kale pa Brazos Santiago, panabwera lamulo lina: wopezeka akuchova njuga aimitsidwe poonekera, buku kumanja, mpaka ataphunzira phunziro lake. Sitikunena kuti inunso muziimitsa ophunzira anu padzuwa, iai! Umenewo unali mwambo wa usilikali. Koma taonani kuti anthu amene anaima pamzere pa Palmito Ranch anali ophunzira a kalasi ya akulu, ngati amene mumakumana nawo inu.

Nkhondo itatha, mu Janeiro 1866, asilikaliwa ali ku Texas kudikira kumasulidwa, anaganizira za abale awo otsala ku Missouri amene sanapeze mwai umene iwo anaupeza. Anasonkha ndalama. Gulu la 62 pamodzi ndi akulu ake linapereka madola pafupifupi 5,000, ndipo anzawo a gulu la 65 anaonjezapo pafupifupi 1,400. Msilikali wina wa gulu la 65 anapereka madola 100, pamene malipiro ake anali madola 13 pa mwezi. Ndalamazo anazipereka m'manja mwa Richard Baxter Foster, mzungu amene anali mmodzi wa akulu a gulu la 62. Pa 17 Setembro 1866 Foster anatsegula sukulu m'nyumba yakale ya matabwa ku Jefferson City, ndi ophunzira awiri okha. Anaicha Lincoln Institute. Mu 1921 inasanduka Lincoln University, ndipo ikuphunzitsabe mpaka lero.

Ndiye pa anthu onse amene anali pa Palmito Ranch tsiku lija, wina anafuna dzina, wina anafuna kusunga thonje, ndipo zonsezo zinapita ndi mphepo pasanathe mwezi. Ca asilikali othamangitsidwa aja, amene ankaphunzira zilembo pamcenga wa Brazos Santiago, cakhala zaka zoposa 150.

Mmene mungaigwiritsire nchito m'kalasi

Nkhaniyi ndi yaitali, musaiwerenge yonse tsiku limodzi. Tikupempha kuti muigawe patatu: tsiku loyamba ciyambi ca nkhondo ndi thonje, laciwiri masiku atatu aja, lacitatu zotsatira ndi sukulu. Maina acilendo asakuopseni. Lembani pabolodi anai okha, Barrett, Branson, Ford ndi Williams, ndipo ophunzira anene cimene aliyense anacita. Jambulani pansi mtsinje, cilumba, Boca Chica, White's Ranch, Palmito Ranch ndi Brownsville, muike miyala m'malo mwa asilikali apansi ndi zitsononkho m'malo mwa akavalo. Mudzaona kuti ngakhale agogo amene sanayambe kugwira pensulo adzafotokoza bwino cifukwa cake njira ya ku Boca Chica inali yofunika.

Mau oyeserera kulemba: kavalo, mzinga, thonje, malire, pangano, kugonja, mboni, mfulu.

Masamu: Branson anaoloka ndi 250 ndi 50, Barrett anabwera ndi 200; onse pamodzi ndi angati? Kucokera pa 9 Abril kufika pa 13 Maio ndi masiku angati? Wolandira madola 13 pa mwezi angagwire nchito miyezi ingati kuti akwanitse 100?

Mafunso okambirana:

1. Pangano la pa Point Isabel likanalembedwa ndi kusainidwa, kodi Barrett akanacita zomwezo? Ndi mapangano ati a m'mudzi amene ayenera kulembedwa?

2. Mwa Barrett ndi Ford, ndani ali ndi mlandu waukulu pa imfa ya Williams? Aliyense apereke cifukwa.

3. Ncifukwa ciani anthu anakonda kusimba kuti uthenga unacedwa?

4. Eni akapolo a ku Missouri ankaopa ciani poletsa akuda kuwerenga?

5. Asilikali a gulu la 62 anali atadziwa kale kuwerenga. Anasonkheranji ndalama za sukulu?

Pa funso laciwiri musafulumire kugamula. Lolani amai ndi abambo atsutsane mwaulemu, ndipo pomaliza wophunzira mmodzi alembe pabolodi ciganizo cimodzi cimene onse agwirizana. Ziganizo zimenezo mutitumizire, pamodzi ndi dzina la kalasi yanu.